Bela Lugosi: Mkulu amene anavala mkanjo wa Dracula mpaka kumanda

Pa tsamba la mbiri ya anthu otchuka mwezi uno tatenga munthu wa mafilimu oopsa. Dzina lake ambiri simunalimvepo, koma chimene anasiya m'dziko muno mukuchidziwa bwino.

Aliyense amene anakhalako pa benchi ya video show amawadziwa anthu oipa a m'mafilimu aja. Chucky, kachidole kokupha anthu kaja, kanayamba mu 1988. Freddy Krueger wa zala za mipeni anabwera mu 1984. Michael Myers anayamba mu 1978, ndipo pofika 2022 mafilimu a Halloween anali atakwana 13. Akaphedwa mu part 1, mu part 2 wadzukanso, ndipo ife timalipirabe pakhomo. Onsewa ali ndi gogo wawo mmodzi, Dracula wa mkanjo wakuda, tsitsi lopesera kumbuyo ndi mayankhulidwe odekha ngati bwana wa ku banki. Amene anamupatsa maonekedwe amenewo pa filimu anali mkulu wa ku Hungary, dzina lake Bela Lugosi.

Tisanapite patali tigwirizane chimodzi. Kuno kwathu mawu oti wopopa magazi sasekesa. Mu 2002 mphekesera za anamapopa zinasokoneza midzi ya kum'mwera, ndipo mu 2017 zinabukanso ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo, anthu osalakwa n'kuphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Dracula yekha ndi munthu wopeka, wochokera m'buku limene Bram Stoker wa ku Ireland anatulutsa mu 1897. Lugosi sanapope magazi a munthu aliyense. Mukamaliza kuwerenga muona kuti amene anapopedwa ndi iyeyo.

Mwana wothawa sukulu

Anabadwa pa 20 Okutobala 1882 m'tauni ya Lugos, imene nthawiyo inali mu Hungary koma lero ili mu Romania ndipo imatchedwa Lugoj. Dzina la kwa makolo linali Béla Blaskó. Loti Lugosi anadzipatsa yekha atayamba zisudzo, ndipo limangotanthauza wa ku Lugos, ngati wina kuno atamadzitchula Wakubalaka. Anali chitsirizira m'banja la ana anayi. Bambo ake anayamba ndi ntchito yophika buledi, kenako n'kulowa ntchito ya ku banki, ndipo anamwalira Bela ali ndi zaka pafupifupi 12. Pa msinkhu womwewo mnyamatayu anasiya sukulu, n'kuchoka pakhomo kukagwira ntchito zamanja m'migodi ndi ku njanji.

Mtima wake unali pa zisudzo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 analowa m'magulu oyendayenda m'matauni ang'onoang'ono, kutenga mbali iliyonse imene wapatsidwa. Mu 1911 anafika mumzinda waukulu wa Budapest, ndipo mu 1913 analembedwa ntchito ku bwalo la zisudzo la dziko lonse la Hungary. Kumeneko kawirikawiri ankapatsidwa mbali zing'onozing'ono, komabe kunali kusukulu kwenikweni: masewero a Shakespeare, masewero achikondi, oseketsa, zonse anazidutsa. Chodabwitsa n'chakuti mu 1916, mumzinda wa Debrecen, munthu yemweyu anasewera ngati Yesu m'sewero la masautso a Ambuye. Zithunzi zake zilipo mpaka lero, ndevu ndi chisoti chaminga zili kumutu.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka mu 1914 analowa usilikali, n'kukamenya nkhondo kumalire ndi Russia, kumene anavulazidwa. Atabwerako anayamba kusewera m'mafilimu a kwawo mu 1917, pogwiritsa ntchito dzina lina loti Arisztid Olt.

Kuthawa kwawo

Lugosi ankadziwa mmene ochita zisudzo ankavutikira: malipiro ochepa, ntchito yosadalirika, mabwana okha n'kumalemera. Mu 1919, pa nthawi ya boma lachikomyunizimu la Béla Kun, anali mmodzi mwa otsogolera bungwe lomenyera ufulu wa ochita zisudzo. Bomalo linagwa patangotha miyezi yochepa, ndipo onse amene anaoneka kuti anali mbali yake anayamba kusakidwa. Anathawira ku Vienna, kenako ku Berlin, kumene anasewera m'mafilimu angapo a Chijeremani. Banja lake loyamba linathera m'kuthawa komweko.

Mu Disembala 1920 anafika ku New Orleans ku America atagwira ntchito m'sitima yapamadzi yonyamula katundu. Anali ndi zaka 38, m'thumba mulibe kanthu, Chingerezi osachidziwa. Amene muli ndi achimwene anu ku Joni mukudziwa mmene zimakhalira: munthu woti kwawo anali ndi dzina amakayambira pansi penipeni. Ku New York anasonkhanitsa anzake a ku Hungary n'kumachita zisudzo m'chiyankhulo chawo. Mu 1922 anapeza mbali m'sewero la Chingerezi lotchedwa The Red Poppy, ndipo olemba mbiri yake amati mawu ake ankangowaloweza mmene akumvekera, ngati mwana wa kwaya akamaimba nyimbo ya Chilatini.

Mkanjo uja

Mwayi unafika mu Okutobala 1927, pamene sewero la Dracula linatsegulidwa ku Broadway mumzinda wa New York, iye ali Dracula mwiniwakeyo. Linaonetsedwa maulendo 261, kenako n'kuzungulira m'mizinda ina. Chingerezi chake cholemera chija, chimene kwina konse chinali chilema, pano chinakhala chuma. Mawu ankawatulutsa mmodzimmodzi, maso ali tong'o, anthu m'holo n'kumagwirana manja.

Kampani ya Universal itaganiza zopanga filimu yake, Lugosi sanali woyamba m'maganizo mwawo. Anachita kupempha ndi kuchonderera, ndipo mabwana ataona kuti munthuyu akuifunitsitsa, anamupatsa madola 500 pa sabata kwa masabata 7, onse pamodzi madola 3,500. Iye anavomera. Filimuyo, imene anaitsogolera ndi Tod Browning, inatuluka mu Febuluwale 1931 ndipo inapanga ndalama zambiri pa nthawi imene chuma cha America chinali chitagwa, makampani akutsekedwa. Lugosi sanapatsidwe gawo lililonse la phindulo, chifukwa kontrakiti yake sinanene zimenezo. Chaka chomwecho analandira unzika wa America.

Mukaionera lero filimuyi mudabwa. Mulibe mano ataliatali aja, magazi sakuyenderera, ngakhale kulumako sikuoneka. Mantha onse ali m'maso, m'manja ndi m'mawu a munthu mmodzi. Dracula wa m'buku anali nkhalamba ya ndevu za pamlomo zoyera ndi mpweya wonunkha. Amene dziko lonse limamudziwa lero, wovala bwino ngati akupita ku ukwati, ndi wa Lugosi.

Universal inafuna kubwerezanso msanga ndi filimu ya Frankenstein, ndipo poyamba chimunthu choopsa cha m'filimuyo chinayenera kukhala Lugosi. Ena amati anakana yekha chifukwa mbaliyo inalibe mawu ndipo nkhope ikanabisika ndi zopakapaka. Ena amati mabwana ndi amene anamuchotsa atasintha wotsogolera filimuyo. Mulimonsemo, mbaliyo inapita kwa Boris Karloff wa ku England, amene anatchuka nthawi yomweyo. Kuyambira pamenepo Karloff anali patsogolo, Lugosi pambuyo. Anasewera limodzi kangapo, monga mu The Black Cat ya 1934 ndi The Raven ya 1935. Mu The Raven mbali yaikulu inali ya Lugosi, koma Karloff analandira ndalama zowirikiza kawiri.

Mu 1932, patangotha chaka chimodzi dziko lonse litamudziwa, Lugosi anakalengeza ku khoti kuti walephera kubweza ngongole zake. Apa sitinganamizire mabwana okha. Mkuluyu ndalama sinkakhalitsa m'manja mwake: maphwando, vinyo, fodya wodula, ndi kuthandiza aliyense wa kwawo amene wagogoda pakhomo. Chifukwa chokhala wosowa nthawi zonse, ankavomera ntchito iliyonse pa mtengo uliwonse, ndipo mabwana anazindikira kuti munthuyu sakana. Komabe mtima womenyera anzake sunamuchoke. Mu 1933 anali m'gulu la anthu oyambirira kulowa m'bungwe la ochita mafilimu la Screen Actors Guild, limene lilipo mpaka lero.

Dzina la m'sewero likameza dzina lako

Vuto lalikulu linali loti anthu anasiya kuona Lugosi, ankangoona Dracula. Zimenezi kuno si zachilendo. Ndi angati mwa ife amene tinkadziwa kuti Izeki ndi John Nyanga, Jakobo ndi Eric Mabedi? A Michael Usi anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, anthu akuwaitanabe Manganya. Patience Ozokwor wa ku Nigeria akangotulukira pa sikirini, video show yonse imadziwiratu kuti mpongozi woipa wafika. Kwa ena dzina la m'sewero limatsegula makomo. Kwa Lugosi linatseka onse n'kusiya limodzi. Munthu amene kwawo anasewerapo Shakespeare ndi Yesu amene, ku Hollywood ankangomuitana akafuna mfiti, dokotala wamisala kapena mlendo woopsa.

Khomo limodzilo nalo linatsekeka mu 1936. Ku Britain, kumene kunali msika waukulu, akuluakulu oyang'anira mafilimu anakhwimitsa malamulo pa mafilimu oopsa, ndipo Universal, imene inali itangosintha eni ake, inasiya kuwapanga. Ntchito inasowa, nyumba inalandidwa. Mwana wake yekhayo, Bela wamng'ono, anabadwa mu Januwale 1938 pakhomo palibe ndalama, mpaka thumba lothandiza ochita mafilimu ovutika linachita kulowererapo.

Chimene chinamudzutsa ndi mtima wa anthu wolakalaka zakale. Mu Ogasiti 1938 mwini wa nyumba ina yoonetsera mafilimu ku Los Angeles, yotchedwa Regina, bizinesi itamuvuta, anabwereka motchipa mafilimu akale a Dracula ndi Frankenstein n'kumawaonetsa pamodzi. Mizere inafika kumsewu, mpaka ankaonetsa usiku wonse. Anthu ankafuna kumvanso mantha amene anawamva zaka 7 m'mbuyomo. Universal itaona zimenezi inawatulutsanso m'dziko lonse, n'kupanga Son of Frankenstein mu 1939. Mmenemo Lugosi anasewera Ygor, munthu wa khosi lopindika amene anapulumuka atapachikidwa, ndipo ambiri amati apa ndi pamene anaonetsa luso lake lonse.

Apa ndiye pamene mabwana anaphunzira nzeru imene akuigwiritsabe ntchito: chilombo chimene anthu anachizolowera sichifa, ndipo chimagulitsa kuposa chatsopano. Anaphunziranso kuti mkanjo ukhoza kuvalidwa ndi aliyense. Mu Son of Dracula ya 1943 anaveka Lon Chaney Jr. Mu 1944 ndi 1945 anaveka John Carradine. Lugosi anali ku kampani yaing'ono ya Monogram, kumene anapanga mafilimu 9 otchipa ojambulidwa m'masiku owerengeka. Mwini wake wa Dracula anasewera mbaliyo pa filimu kawiri kokha: mu 1931, ndi mu 1948 m'filimu yoseketsa ya Abbott and Costello Meet Frankenstein. Ndiye tangoganizani, kawiri basi.

Jakisoni

Nthawi yonseyi ankavutika ndi ululu wa mtsempha wa m'chiuno wotsikira m'miyendo. Madokotala anamupatsa morphine, mankhwala amphamvu opha ululu, ndipo pambuyo pake methadone. Thupi linazolowera mpaka osathanso kukhala popanda jakisoni, mowa nawo uli pomwepo. Nkhani inamveka kwa mabwana, mafoni n'kusiya kulira. Mu 1951 anapita ku Britain kukazungulira ndi sewero la Dracula kwa miyezi ingapo, ali ndi zaka 68, akulowabe m'bokosi la maliro pa siteji usiku uliwonse kuti apeze ya ndiwo. Mu 1953 Lillian Arch, mkazi wake wachinayi amene anakhala naye zaka 20, anamusiya n'kutenga mwana.

Amene anamukumbukira anali mnyamata wina dzina lake Ed Wood, amene anakula akuonera mafilimu a Lugosi ndipo ankamulemekeza kwambiri. Wood ndalama analibe, luso lopanga mafilimu nalo linali lochepa, koma anamupatsa ntchito mu Glen or Glenda ya 1953 ndi Bride of the Monster ya 1955. Mafilimuwa anthu amawaseka mpaka pano, komabe ndi amene ankalipira lendi ya nkhalambayi.

Mu Epulo 1955 Lugosi anachita chinthu chimene anthu otchuka a nthawi imeneyo sankachita. Anapita yekha kukapempha kuti amugoneke m'chipatala cha boma chifukwa cha mankhwalawo, ndipo sanabise kwa atolankhani. Zithunzi zake zinatuluka m'manyuzipepala ali wowonda, miyendo ngati bango. Anakhala miyezi itatu ku Metropolitan State Hospital ku California, n'kutuluka mu Ogasiti atasiya jakisoni. Chaka chomwecho anakwatira Hope Lininger, mayi amene ankamulembera makalata omulimbikitsa ali m'chipatala.

Anamwalira ndi matenda a mtima pa 16 Ogasiti 1956 ku Los Angeles, ali ndi zaka 73, wopanda chuma choti n'kusiyira ana. Mwana wake ndi Lillian anagwirizana zomuika m'manda atavala mkanjo wa Dracula, ndipo anagona ku manda a Holy Cross ku Culver City. Ngakhale atamwalira ntchito sinamusiye. Ed Wood anatenga tizidutswa timene anamujambula asanamwalire n'kutiika mu Plan 9 from Outer Space, ndipo mbali zotsalazo anaikamo munthu wina wamtali kuposa Lugosi, akubisa nkhope ndi mkanjo.

Ndalama zinabwera mwini atagona

Patangotha chaka chimodzi, mu 1957, mafilimu 52 akale oopsa a Universal anagulitsidwa ku ma TV a ku America. Ana amene anali asanabadwe mu 1931 anamuona Lugosi usiku m'nyumba za makolo awo n'kumukonda. Mu 1958 inayamba magazini ya zilombo za m'mafilimu yotchedwa Famous Monsters of Filmland. Kenako zidole, zigoba za kumaso, malaya ndi zithunzi, zambiri zili ndi nkhope yake. Anawo atakula anakhala opanga mafilimu, oimba ndi olemba mabuku, ndipo aliyense ankafuna kubwezeretsa chimene chinamuopsa ali mwana. Gulu loimba la Bauhaus la ku England linatulutsa nyimbo ya dzina lake mu 1979. Tim Burton anapanga filimu ya Ed Wood mu 1994, ndipo Martin Landau, amene anasewera ngati Lugosi, anapata mphoto ya Oscar, imene Lugosi weniweniyo sanaiyandikireko. Mu 1997 nkhope yake inaikidwa pa sitampa ya ku America. Dracula wa makatuni a Hotel Transylvania, amene ang'ono athu amaonera, amayankhula motsanzira iyeyo. Mu 2023 filimu ya Renfield inajambulanso zigawo za filimu ya 1931, Nicolas Cage ataima pamene anaima Lugosi.

Nanga banja lake linapezapo chiyani? Mu 1966 mwana wake, amene anaphunzira zamalamulo, pamodzi ndi Hope anasumira Universal chifukwa chogulitsa nkhope ya malemuyo popanda chilolezo. Anapambana ku khoti loyamba mu 1972, koma mu 1979 khoti lalikulu la California linagamula kuti ufulu wa munthu pa nkhope yake umathera pa imfa, sungasiyidwe ngati chuma cha masiye. Mlanduwo anagonja, koma unatsegula anthu maso. Mu 1985 California inayamba kugwiritsa ntchito lamulo lopatsa mabanja a anthu otchuka ufulu umenewo kwa zaka 50 mwini atamwalira, ndipo pambuyo pake anazikweza kufika 70.

Za ife kuno

Kulakalaka zakale si tchimo. Tikamakumbutsana za video show, za jenereta kuzima filimu ili pakati, za kuopa kudutsa pamanda pobwerera kunyumba, timakhala tikukumbuka anzathu amene tinakhala nawo pa benchi ija ndi msinkhu umene sudzabweranso. Makampani amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake Michael Myers ndi Chucky sapuma. Chongofunika kudziwa n'chakuti ndalama ya chikumbutso imapita kwa amene ali ndi pepala la umwini, ndipo kawirikawiri ameneyo si munthu amene anatuluka thukuta pa siteji.

Ndiye inu a drama, oimba, ndi inu amene mumajambula timafilimu pa foni, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wina akafuna kujambula sewero lanu kapena kuika nkhope yanu pa chikwangwani, funsani kuti lidzaonetsedwa kuti, kangati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo likadzagulitsidwanso gawo lanu ndi lotani. Zilembedwe, musaine mutawerenga. Ku Malawi kuno kuli bungwe la COSOMA, limene linayamba mu 1992, ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016. Zidziweni musanatchuke, chifukwa Lugosi anasaina tsiku limodzi ali ndi njala ya mwayi, n'kulira nazo zaka 25.

Ngati mmodzi mwa ife wakodwa ndi chamba, kachasu kapena mapilisi, kumbukirani kuti nkhalamba ya zaka 72, yodziwika dziko lonse, inakagogoda yokha pa chipatala anthu akuona, ndipo inatulukako itasiya. Yambirani pa chipatala chapafupi kapena kwa wamkulu amene mumamukhulupirira. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso pa vuto lomweli.

Pomaliza, m'midzi yathu muno muli akuluakulu amene ankasangalatsa anthu kale: oimba bangwe ndi magitala a zigubu, a zisudzo za kutchalitchi ndi kusukulu, ofotokozera mafilimu m'ma video show. Ambiri timangowadziwa ndi maina a m'sewero. Apezeni akadali moyo, muwafunse dzina lawo lenileni, mujambule nkhani zawo iwo atavomera, ndipo mukawaitana pa zochitika za kalabu muziwapatsa kangachepe. Ed Wood analibe luso, koma anafika pa nthawi yake, mkulu uja akupumabe. Sitampa ndi Oscar zinapeza atagona kale zaka pafupifupi 40.